Batani la remoti likamafuna kukanikizidwa ngati nsikidzi

Loweruka la mpira waukulu ndimadziwiratu yemwe ndimupeze pakhomo. Ndisanatsegule n'komwe kashopu kanga, mnyamata wa vidiyo shoo amakhala ataima kale, remoti ya dikoda ili m'manja. "Amisiri, yayambanso ija. Voliyumu mpaka munthu akanikize ngati akupha nsikidzi." Ndikailandira ndimapeza zomwezo za masiku onse: batani lalowa m'kati, pamwamba pake pali zipsera za chikhadabo, mwinanso kabowo koonetsa kuti wina ankalibaya ndi bolopeni anthu akukuwa kuti akweze mawu.

Pa zonse zomwe zimafika pa benchi yanga kuno ku Mangochi boma, palibe vuto lobwerezabwereza ngati limeneli. Limabwera ndi maremoti, makiyibodi a kutchalitchi, mapadi a gemu, makakyuleta a m'magolosale, ngakhalenso masikelo a ogula nandolo. Katundu ndi wosiyana koma nthenda ndi imodzi, poti m'kati mwa zonsezi muli mphira yosakaniza ndi kaboni. Eni ake amalakwitsanso mofanana. Batani likayamba kuvuta amaliwonjezera mphamvu, chonsecho mphamvuyo ndi imene imalimaliza.

Zomwe zili kunsi kwa batani

Mukatsegula remoti mupeza chikuto cha pulasitiki, chimphira chofewa chomwe chanyamula mabatani onse, ndi bolodi, kathabwa komwe kali ndi njira za magetsi. Tembenuzani chimphiracho. Kunsi kwa batani lililonse kuli kadontho kakuda. Pa bolodi, moyang'anizana ndi kadonthoko, pali timizere tolowana ngati mano a zipeso ziwiri koma tosakhudzana. Mukadina, kadontho kamatsika n'kugonera timizereto, magetsi n'kuwoloka, kachipi, komwe ndi ubongo wa remoti, n'kudziwa kuti mwadina batani lakuti.

Chimphirachi si cha utomoni wa m'mitengo ngati uja amakolola ku Vizara ku Nkhata Bay. Ndi silikoni, yemwe chiyambi chake ndi silika wa mumchenga. Payekha silikoni salola magetsi kudutsa ngakhale pang'ono. Kuti kadontho kaja kagwire ntchito, opanga amasakanizamo kaboni wosalala ngati mwaye wa koloboyi, yemwe amamupeza potentha mafuta olemera popanda mpweya wokwanira. Ndi kaboni yemweyu amene amadetsa matayala a galimoto n'kuwalimbitsa.

Ganizirani mabwato ali pa doko. Akakhala apo ndi apo, mwana sangachoke pa bwato loyamba kukafika pa lomaliza osagwera m'madzi. Muzionjezera mabwatowo, ifika nthawi yoti ayandikana mokwanira, mwana uja n'kumangodumpha kuchoka pa ili kupita pa ilo. Timibulu ta kaboni ndiye mabwatowo, mphira ndiye madzi. Kaboni akachepa, magetsi sadutsa. Akafika pa mlingo wina wake njira zimatseguka mwadzidzidzi, osati pang'onopang'ono. Sikuti timibuluto tiyenera kugundana ndendende ayi. Kampata kakakhala kakang'ono zedi magetsi amakalumpha, koma kakangokula pang'ono pokha, kulumphako kumavutiratu.

Chala chanu chimalowera pamenepa. Mukafinya mphira yotereyi timibulu timayandikana, njira zatsopano n'kutseguka. Palinso china, chomwe pa remoti n'chachikulu kuposa choyambachi. Nkhope ya kadontho si yosalala monga maso amaonera, ili ndi timapiri ndi timaenje. Mukadina pang'ono, timapiri towerengeka ndi tomwe timagunda bolodi. Mukakanikiza, mphira imagona yonse, malo okhudzana n'kukula. Ife timayeza zimenezi ndi mita ya amisiri yoyezera magetsi, m'ma ohm: nambala yaing'ono ndiye kuti njira ndi yotakasuka, ikakwera ndiye kuti yathina. Kadontho kabwino kamawerenga ma ohm makumi angapo mpaka mahandiredi ochepa, ndipo kachipi kamamva ngakhale mwangokhudza. Pakalowa kansalu ka mafuta ndi fumbi pakati pa kadontho ndi bolodi, nambala imathawira ku masauzande, kachipi osamvanso. Mukakanikiza mwamphamvu mumaboola kansaluko kwa kanthawi, batani n'kuyankha. N'chifukwa chake kukanikiza kumaoneka ngati mankhwala. Koma kwinaku kadontho kakupukutika, timizere ta pa bolodi tikukalika, ndipo kakhosi kopyapyala komwe kamabwezera batani m'mwamba kakutopa mpaka kadzang'ambika.

Anyamata a magemu omwe akadali ndi PlayStation 2, yomwe inatuluka mu 2000, chitsanzo ali nacho m'manja. Mabatani a padi yake anapangidwa dala kuti azisiyanitsa kudina pang'ono ndi kukanikiza, moti m'magemu ena a mpikisano galimoto imathamanga molingana ndi kulemera kwa chala. Nzeru yake ndi yomweyi ya kaboni ndi kukula kwa malo okhudzana.

Musanatsegule chilichonse

Maremoti ambiri amandipeza atawagamula kale kuti mabatani afa, pomwe mphira ilibe mlandu. Choyamba tengani foni, tsegulani kamera, lozetsani kababu ka kutsogolo kwa remoti pa kamerayo n'kudina. Kuwala kwa kababuko maso athu sakuona, koma pa sikirini ya foni kumaoneka kukuthwanima, kotuwa kopita ku pepo. Mafoni ena kamera yakumbuyo imatchinga kuwalaku, ndiye yesani yakutsogolo. Dinani mabatani onse, limodzi limodzi, modekha monga munkadinira remotiyo ili yatsopano.

Ngati onse akuthwanima bwino koma TV sikumva, siyani remotiyo, vuto lili ku diso la TV kapena la dikoda. Mwina pali fumbi, mwina mwaikapo nsalu yokongoletsera, mwinanso dzuwa lolowera pa windo likuomba pa disolo. Ngati onse ali zii, kapena akuthwanima mofooka, yang'anani mabatire. Latsopano limakhala pa mavoti 1.5, ndipo likatsikira cha ku 1.2 remoti imayamba kufuna kuti muyandikire TV. Anthu ambiri apa ndi pomwe amayambira chizolowezi chokanikiza, poganiza kuti batani ndilo lagona. Zoluma mabatire ndi kuwayanika padzuwa zija, achimwene, zilekeni. Batire lolumidwa limachucha, ndipo zochuchazo zimadya masipuling'i n'kuyenderera mpaka pa bolodi. Masipuling'i akachita ufa woyera kapena dzimbiri, palani ndi kampeni mpaka chitsulo chiwale. Remoti yomwe imadzuka mukaimenya pa chikhatho nthawi zambiri vuto lake limakhala lomweli, kapena mwendo wa kababu wamasuka pomwe anawotcherera. Kumenyako kumathyolanso tizinthu tina ta pa bolodi, choncho musakuzolowere.

Kababu kakamathwanima kokha musanadine kalikonse, pali batani lomwe lakakamira pansi kapena litsiro lomwe lalumikiza timizere. Remoti yotere imatha mabatire m'masiku ochepa, ndipo mabatani ena onse amaoneka ngati afa chifukwa kachipi katanganidwa ndi limodzi lija.

Onaninso kuti mabatani omwe afa ndi ati. Mabatani a remoti sakhala ndi waya wakewake, amagawana njira m'mizere yopingasa ndi yotsika. Akafera pamodzi anayi kapena asanu, kuphatikizapo ena omwe simuwagwira n'komwe, ndiye kuti njira ina ya pa bolodi yaduka, kawirikawiri pomwe batire linachuchira kapena pomwe bolodi linasweka remoti itagwa. Imeneyo ndi ntchito yowotcherera kawaya, kutsuka sikungathandize. Mphira timaiganizira pamene ovuta ndi okhawo ogwiridwa tsiku ndi tsiku: loyatsira, la voliyumu, losinthira matchanelo, ndi lapakati lija lovomerezera.

Kodi ndi mphepo ya kunyanja?

Makasitomala ochokera ku Makawa, Monkey Bay ndi Malindi amakonda kunena kuti mphepo ya kunyanja imadya zamagetsi. Zimenezo n'zoona ku Beira kapena ku Dar es Salaam komwe madzi ndi amchere. Nyanja yathuyi ilibe mchere wotero. Mchere womwe ndimaupeza m'maremoti ndi wa thukuta. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukamapitirira madigiri 35, dzanja lililonse logwira remoti limakhala lonyowa. Onjezanipo mafuta a kambuzi ndi usipa wokazinga, a chipisi, odzola m'thupi, kenaka fumbi la mwera la mu Juni ndi Julayi, mupeza phala lomwe limalowa m'mbali mwa mabatani n'kukakhazikika pa bolodi. Mafuta ena amachokera mu chimphira momwemo. Silikoni akamakalamba amatulutsa timafuta take, makamaka pa mabatani ofinyidwa kwambiri, n'chifukwa chake mutha kutsegula remoti ya munthu waukhondo n'kupeza m'kati muli nyowenyowe.

Kutentha kuli ndi mbali inanso. Mphira imafufuma ndi kutentha kuposa kaboni, choncho timibulu tija timatalikirana pang'ono, ma ohm n'kukwera. Batani lamoyo silimva n'komwe kusinthaku. Koma lomwe linali kale m'mphepete limagwira m'mawa, masana pansi pa malata n'kukanika, madzulo n'kuyambiranso. Mayi wina wa ku Namwera anandiuza kuti remoti yake ikusala nawo, imadzuka dzuwa likalowa.

Kutsuka

Chotsani mabatire. Yang'anani timasikuluwu m'chipinda cha mabatire ndi kunsi kwa mapepala omata. Mukamasula, zikuto ziwirizo zimakhala zitagwirana ndi timano ta pulasitiki. Lowetsani chikhadi chija simu imabweramo mu mng'alu wa m'mbali n'kuyendetsa mozungulira. Mpeni ndi sikuludiraiva zimathyola timanoto, remoti n'kutsala yomanga ndi malegeni.

Chimphira chitsukeni chokha m'madzi ofunda ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Mswachi wakale uyende pamwamba ndi m'mbali mwa mabatani, koma pa timadontho takuda ingodutsanipo ndi chala mopepuka. Tsukuluzani bwino sopo yense achoke, kung'unthani madzi, yanikani pamthunzi mpaka m'timaenje monse muume. Pano ndi pomwe anthu amapupuluma. Dontho limodzi lotsala kunsi kwa batani limalumikiza timizere, remoti n'kumadzidina yokha. Chikuto nacho chitsukeni, makamaka m'mabowo momwe mabatani amatulukira, chifukwa litsiro la mmenemo limagwira batani kuti lisabwerere.

Bolodi lisalowe m'madzi. Limafuna sipiriti pa kathonje. Wabwino ndi isopropyl yemwe amisiri a mafoni amagwiritsa ntchito, koma wa ku famase amathanso kuthandiza mukayamba mwamuyesa: donthezani pa kalilole, dikirani aume. Pakatsala chizindikiro cha mafuta, musamuike pa bolodi. Sanitayiza wa m'manja uja tinazolowera nthawi ya Covid-19 amakhala ndi gilisirini, ndipo amasiya kansalu komweko komwe tikulimbana nako. Petulo, palafini ndi thina ndiye musayerekeze. Silikoni amamwa zimenezi n'kufufuma, batani n'kupotoka, ndipo thina amasungunula chikuto. Mafuta opopera omasulira mabawuti adzimbiri nawonso asafike pafupi.

Yang'anitsitsani timizere ta pa bolodi musanapukute. Tikakhala tagolide, ndi chitsulo, timapirira. Tikakhala takuda, ndi inki ya kaboni yongodinda, ndipo mukakhula mwamphamvu muichotsa. Kathonje kakamatuluka kakuda bii ulendo wachitatu, imani, chifukwa chomwe chikuchoka tsopano si litsiro. Timadontho ta pa chimphira tilinso mitundu iwiri. Tina ndi tokhuthala, timaoneka kuti ndi kachidutswa kakuda komatidwa pa batani. Tina ndi utoto wopyapyala wongopaka, ndipo umu ndi mmene maremoti ambiri otchipa alili. Kadontho kokhuthala kakamanyezimira ngati nsapato yopolisha, kakhudzitseni pa pepala loyera la mu kope n'kukoka kamodzi kapena kawiri kuti kunyezimirako kuchoke. Ka utoto musakachite zimenezi. Sandipepa ayi, pa mtundu uliwonse.

Amene muli ndi mita, iikeni pa 2k ya ma ohm, mugoneke nsonga zake ziwiri pa kadontho motalikirana pang'ono, osabaya. Yambani ndi batani lomwe palibe amaligwira, musunge nambala yake m'mutu, kenaka pitani pa lovutalo. Zikafanana kapena kuyandikana, kutsuka kwatheka, tsekani. Lovutalo likamawerengabe kuchulukitsa kakhumi, kapena mita osasuntha n'komwe, kaboni wa pankhope watha.

Kadontho kakatha

Njira yomwe aliyense amaidziwa ndi ya pensulo. Mtima wa pensulo ndi kaboni ndithu, ndipo mukapaka batani limadzuka nthawi yomweyo, makamaka ndi pensulo yofewa ya 2B kupita m'tsogolo. Ine ndimaivomereza pa chinthu chimodzi chokha: mpira uyamba pakatha mphindi khumi ndipo palibe china chomwe mungachite. Ufa wa pensulo sumata pa silikoni. Pakapita masiku umayoyokera pa bolodi n'kukhala pakati pa timizere, kenaka voliyumu n'kumakwera yokha usiku. Mukapaka, dziwani kuti muli ndi ngongole yodzatsegulanso.

Yachiwiri ndi ya kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kodula mozungulira n'kumata pa kadontho. Imagwira nthawi yaitaliko, koma ili ndi zovuta ziwiri. Chitsulo n'cholimba kuposa inki ya kaboni, choncho pa bolodi la timizere takuda chimakala pang'onopang'ono mpaka kumaliza zomwe sizingabwezeretsedwe. Chachiwiri ndi guluu. Supagulu sagwirana ndi silikoni, amauma gwa n'kusweka batani likamapindika, kapepala n'kumayendayenda m'kati mwa remoti. Akadonthera pa bolodi ndiye mwatseka njira mpaka kalekale.

Yomwe ndimaikonda ine ndi yosamutsa. Remoti yakufa musataye, chifukwa mabatani ake ambiri sanagwiridwepo ndipo timadontho take n'tatsopano. Ndi lezala lakuthwa, sengani kadontho kokhuthala pa batani lotero. Pa batani lodwalalo senganiponso kakale kuti msinkhu usatalike, apo ayi batanilo lizigunda bolodi musanalidine. Matani ndi silikoni wa m'chubu yemwe amamatira magalasi, pang'ono zedi, pa nsonga ya singano, osafika pankhope ya kadontho. Silikoni ameneyu akamauma amanunkha viniga, ndipo mpweya umenewo umadya kopa wa pa bolodi, choncho chimphiracho chigone panja tsiku lathunthu musanatseke. Kulinso utoto wa kaboni wopangidwira ntchito imeneyi, wa m'timabotolo ting'onoting'ono. Mukaupeza, umafuna kuti kadontho kakhale kopanda mafuta ngakhale pang'ono, ndipo uume mokwanira.

Kakhosi ka batani kakang'ambika, palibenso chokonza pa batani limenelo. Mufunika chimphira china cha remoti yofanana, kapena remoti ina. Kwa a vidiyo shoo ndimanena mosabisa kuti remoti yogwiridwa ndi manja makumi patsiku ivale pulasitiki yoonekera, ija inabwera nayo kapena ina yoteroyo, ndipo izikhala ndi munthu mmodzi. Anthu amaseka agogo omwe amasunga remoti m'kajumbo, koma ya agogoyo sindinaionepo pa benchi yanga.

Kiyibodi ya kwaya

Iyi ndiyo imandipweteka mtima, chifukwa ndi katundu yemwe mpingo wasonkhera miyezi. Amabwera nayo pa kabaza, atayikulunga m'chitenje, wapampando wa kwaya akuti: "Bambo, kiyi imodzi ikukuwa kuposa zinzake, ina yangoti duu." Ena amakhala atauzidwa kale kuti sipika yaphulika.

Makiyibodi ambiri a makiyi 61, kaya ndi Yamaha kaya Casio, ali ndi timphira tataliatali kunsi kwa makiyi, ndipo nthawi zambiri kalikonse kamanyamula makiyi 12. Pa omwe amamva kulemera kwa dzanja, kiyi iliyonse ili ndi timadontho tiwiri, kena kotalikirapo. Mukadina, kataliko kamafika pa bolodi poyamba, kenaka kanzake. Makina amawerenga kanthawi kapakatipo. Kakafupika ndiye kuti woimba wamenya mwamphamvu, mawu amatuluka okweza. Kakatalika, mawu amatuluka apansi. Tsono kadontho koyamba kakachita litsiro, sikamveka mpaka kiyi itafika pansi, tonse tiwiri n'kumvekera pamodzi, makina n'kuganiza kuti mwamenya ndi mphamvu zonse. Imeneyo ndiyo kiyi yokuwa ija. Kachiwiri kakachita litsiro, makina amangodikira, kiyi ili chete. Kuti mutsimikize, zimitsani batani lolembedwa Touch. Kiyi yokuwayo ikafanana ndi zinzake, sipika ilibe vuto, ntchito ili pa timphira.

Kutsuka kwake n'chimodzimodzi ndi remoti, koma jambulani ndi foni musanamasule chilichonse, ndipo timasikuluwu tiikeni m'magulu chifukwa n'tosiyana kutalika. Lalitali likalowa pa malo a lalifupi limaboola bolodi. Kamphira kalikonse kali ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Mukakatembenuza, kadontho kachiwiri kazifika poyamba, makiyi 12 onsewo n'kusokonekera. Timiyendo take tilowe m'mabowo a bolodi tonse, osasiya ndi kamodzi komwe, apo ayi fumbi lipeza khomo. M'kati mwa makiyibodi ndimapezamo mchenga, tsitsi, nyenyeswa za mandasi, ndowe za mphemvu ndi tizilombo tobwera ndi getsi pa mapemphero a usiku, ndipo kamchenga kamodzi pa kadontho n'kokwanira kutseka kiyi pakamwa.

Makwaya athu amaimbira pakati, choncho timphira tapakati timatha, takumapeto tikadali tatsopano. Tikakhala tofanana msinkhu ndi maonekedwe, tisinthanitseni, kiyibodi ipitirize ntchito poyembekezera tatsopano. Koma makiyi akufa akakhala motalikirana mofanana kuchoka kumanzere mpaka kumanja, kapena gulu lonse loyandikana lafera limodzi, yang'anani lamba wa mawaya wochokera ku makiyi ndi timadayodi ta pa bolodi, tizinthu tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Mphira siifa mwa dongosolo chotero.

Manambala oduka pa sikelo ndi kakyuleta

Apa kaboni wa mu mphira sali pa batani. M'masikelo ambiri a manambala, m'mawotchi ndi m'mamita athu omwe, galasi la sikirini silinawotcheredwe ku bolodi. Pakati pake pali kamphira kowongoka komwe amisiri timakatchula kuti zebra, chifukwa kali ndi timizere tosinthana ngati mbidzi: ka kaboni, kopanda kaboni, ka kaboni, mpaka kumapeto. Kamzere kakuda kalikonse kamanyamula magetsi kuchoka pa bolodi kupita pa galasi, ndipo chomwe chimagwiriziza zonsezi ndi kufinyika kokha. Sikelo ikamagwa, ikamagwedezeka pa njinga kupita ku msika wa Chimwala kapena M'baluku, kapena kamphirako kakakhala kofinyika zaka zambiri m'kutentha n'kusiya kubwerera, kufinyikako kumachepa, timitengo tina ta manambala n'kuzimiririka.

Musazitenge mopepuka. Nambala 8 ikataya kamtengo kapakati imasanduka 0. Ikataya kam'munsi kumanzere imasanduka 9, ikataya kam'mwamba kumanja imasanduka 6. Ndinaonapo wogula ndi mlimi atatsala pang'ono kugwirana m'makolala pa thumba la nandolo, aliyense akuti mnzake ndi wakuba, pomwe wolakwa anali kamphira kosakwana chala kutalika. Kuyesa kwake n'kosavuta: sindikizani pang'ono pa felemu yozungulira sikirini, osati pa galasi. Manambala akabwerera athunthu, mwapeza. Nthawi zina kumangitsa timasikuluwu ta kuseri kwa sikirini mofanana, pang'ono uku pang'ono uko, kumakwanira. Zikakanika, chotsani kamphirako, pukutani m'mphepete mwake monse muwiri, pa bolodi ndi pa mlomo wa galasi ndi sipiriti. Pa galasipo pali njira zamagetsi zosaoneka bwino ndi maso, musapale ndi chitsulo kapena kugwirapo ndi zala. Kamphira kakafupika, kapepala kopyapyala koikidwa kuti kawonjezere kufinya kamathandiza, koma mukapyola muyeso galasi limasweka kapena kuchita chibanga chakuda chosachoka. Makakyuleta ambiri otchipa alibe zebra, ali ndi kalamba kopyapyala komatidwa ndi moto. Kameneko kakamatuka musakakoke.

Sikelo ikamaonetsa manambala athunthu koma olakwika, nkhani si ya mphira. Kulemera sikuyezedwa ndi mphira ya kaboni, kumayezedwa ndi kachitsulo komwe kamapindika pang'ono katundu akakhalapo. Chifukwa chake mutha kuchiona nokha ndi mita. Panani kadontho ka kaboni pakati pa tizitsulo tiwiri, ikanipo mwala, muyang'ane nambala. Imatsika msanga, kenaka n'kumatsikabe pang'onopang'ono mwala uli womwewo, poti mphira ikupitiriza kugonja. Chotsani mwalawo, nambala sibwerera pomwe inali nthawi yomweyo. Yesaninso masana kukutentha, mupeza ina. Ana a sekondale omwe amabwera kudzapempha timphira kuti apange sikelo ya chionetsero cha sayansi ndimawauza kuti apange belu lolira munthu akaponda pa chopondera cha pakhomo. Kusiyanitsa kuti pali munthu kapena palibe, mphira imatha bwino. Makilogalamu ndiye siingawerenge. Ndipo sikelo ya malonda yomwe ili ndi chidindo cha a Malawi Bureau of Standards musaimatule chidindocho panokha, ngakhale vuto litakhala la sikirini chabe. Ipite kwa okonza ovomerezeka, ikayesedwenso.

Mafoni a mabatani anthu amawaika m'gulu lomweli, koma ambiri ndi osiyana. Batani likamalira kuti "thi" mukadina, kunsi kwake kuli kambale kachitsulo, osati kaboni. Timbaleto timakhala tomatidwa pa pepala loyera pamwamba pa bolodi, ndipo chomwe chimativuta ndi chinyezi ndi dzimbiri, makamaka mafoni a asodzi. Pensulo ilibe ntchito pamenepo. Amamatula pepalalo mosamala, kupukuta kambale ndi pa bolodi, n'kubwezera pamalo pake penipeni.

Chomwe simuyenera kutsegula n'komwe ndi mita ya magetsi yolowetsera mayunitsi. Manambala 20 aja akamakanika chifukwa batani limodzi lauma, pukutani kunja kokha ndi kansalu kouma, dinani ndi mnofu wa chala osati msomali kapena kiyi wa chitseko, ndipo likakanabe kaneneni ku ofesi ya ESCOM. Mita ili ndi chidindo, ndi katundu wawo, ndipo m'kati mwake muli magetsi a mavoti 230.